Nyemba za Pachikwangwani

Madala osamalira nyumba yapakona ku Randburg, mu Joni, amati sananamepo chibadwire. Eni nyumba anasamukira kunja mu 2014, n'kuwasiyira makiyi, kachipinda kakuseri ndi chikwangwani cha malonda pageti. Tsiku limene nyumbayo idzagulidwe, madala adzabwerera ku Hillbrow kukagona anthu asanu chipinda chimodzi. Ndiye ogula akafika, iwo amavala jekete n'kumathandiza mayi wotsatsa nyumbayo kuyamikira deralo.

Loweruka lina kunabwera banja la ana awiri. Mayi wotsatsayo anati chipatala chili pafupi.

"Pafupi zedi, bwana," madala anavomereza. "Onse olumidwa ndi njoka m'bwalo muno amakafika akupumabe."

Wotsatsayo anathamangira kuonetsa dziwe losambiramo.

"Madzi abwino awa," madala anatero monyadira. "Achule a mu Joni muno sakhulupirira dziwe lina poswana."

Banjalo linakwera galimoto osaona n'komwe khitchini. Madala anavula jekete, n'kukathirira nyemba zimene anayangitsa pachikwangwani chija. Akololapo kale kanayi, ndipo chaka chamawa akuti ayesa maungu.