Kazenera ka Madandaulo

Sitolo ija ndinayamba kuidziwa monga wogula. Inali m'tauni, pafupi ndi pokwerera maminibasi, ndipo inkagulitsa masitovu, mafiriji ndi nsimbi zamagetsi. Amayi anagulako sitovu yomwe inafa isanathe milungu itatu. Tinainyamula kanayi konse kuchokera ku Kabwata. Chakumapeto kwa sitoloyo kunali kazenera kolandirira madandaulo, ndipo mtsikana wa pamenepo ankatiyankha osatiyang'ana n'komwe: "Ba maneja kulibe. Bwelani mailo." Mawa lakelo silinafike. Kachisanu sitinapite, ndipo sitovuyo amayi anaisandutsa poikapo mabeseni.

Patapita chaka, sitolo yomweyo inandiitana kuti ndikayambe ntchito. Ndinali nditakhala zaka ziwiri pakhomo, satifiketi ili m'sutikesi, choncho sindinafunse zambiri. Amayi okha ndiwo anakwinya nkhope.

"Kuja kwamene banatizungulusa?" anatero. "Ngati ise bogula banatichita so, iwe wanchito bazakuchita bwanji?"

Ndinawayankha kuti ntchito ndi ntchito.

Anandiika pa kazenera komweko. Mtsikana uja anali atachoka kalekale, ndipo pambuyo pake panadutsa enanso awiri. Tsiku loyamba ndinazindikira kuti amanijala amakhalapo masiku onse, kuseri kwa chitseko cha kumbuyo kwanga, akumwa tiyi. Ndiwo anandiphunzitsa ntchito, ndipo phunzirolo silinathe mphindi khumi. Usakane, usavomere, usalembe kanthu. Munthu umuuze abwere mawa. Ambiri amatopa paulendo wachitatu, ouma mutu wachinayi.

Kunena zoona, ntchitoyo ndinaigwira bwino. Ndinazolowera kuyang'ana pakompyuta munthu akulankhula. Ena ankanditukwana, ine n'kumangoitana wotsatira. Mwezi ukatha ndinkagula ufa ndi magetsi kunyumba, ndipo amayi analeka kufunsa.

Mwezi wachisanu kunabwera bambo wina wachikulire, mkulu wa mpingo wathu, yemwe anasamukira ku Chelstone atapuma pantchito. Ankandidziwa kuyambira ndili ku Sande sukulu. Nsimbi inali m'jumbo, lisiti atalipinda bwinobwino m'buku la nyimbo. Atandiona anamwetulira.

"Ah, ni iwe mwana wanga? Ndiye kuti nkhani yasila."

Ndinayang'ana pakompyuta n'kuwauza mawu anga aja, akuti amanijala kulibe, abwere mawa. Ndinkadziwa kuti ndikangogogoda pachitseko chija, pampando panga pakhala wina.

Kutacha anabweradi, eyiti koloko, atavala jekete. Anabweranso kachitatu, kachinayi. Lamulo la amanijala linkadalira kuti munthu atopa akaona kuti akupusitsidwa, koma bambowa sankaona zimenezo. Ankandikhulupirira. Ulendo uliwonse ankandifunsa za amayi, n'kundipepesa kuti akundivutitsa.

Paulendo wachisanu, ndisanamalize n'komwe kunena kuti amanijala kulibe, chitseko cha kumbuyo kwanga chinatseguka. Amanijala anatuluka kapu ili m'manja, ndipo mayi wosesa anawafuulira: "Ba maneja, mwasiya foni pa tebulo!"

Bambo aja anayang'ana amanijala, kenako anayang'ana ine. Sanakalipe. Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa envulopu ya khaki, yopindika m'makona chifukwa choyenda nayo masiku onsewo.

"Iyi ni kalata ya muzukulu wanga," anatero. "Anasiliza sukulu, afuna nchito. Ninamuuza ati pali mwana wathu kuja, ni malo yabwino. Nenze kuyembekeza chabe nkhani ya nsimbi isile, ndiye nikupase."

Ndinatambasula dzanja kuti ndiilandire. Iwo anaibweza m'thumba n'kumanga batani.

"Iyayi. Ankhaleko panyumba. Iwe sunali kunama uli mwana."

Ananyamula jumbo lawo n'kutuluka, osatsanzika. Manyazi omwe ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso kwina kulikonse. Kumbuyo kwawo kunali mayi wina ndi ketulo, ndipo nayenso ndinamuuza kuti abwere mawa.

Pa kazenerapo ndinakhalaponso miyezi isanu ndi itatu, mpaka nditapeza ntchito ina ku Heavy Industrial Area. Nditachoka, ndinamva kuti chikalata chofuna munthu watsopano chinakhala pakhomo la sitoloyo mpaka kufwifwa ndi dzuwa. Bambo aja ndinakumana nawo kamodzi pamaliro ku Woodlands. Anandipatsa moni bwinobwino, n'kufunsa za amayi. Anandiitana "ba madamu".