Lero Mwapita Kumudzi

Tsiku limene anatuluka m'chipatala, mayi amene ndikufuna kukuuzaniyu sanapite kunyumba. Anayamba wadzera kushopu yake yosokera zovala, akuyenda mogwira makoma. Anapeza pachitseko pali loko wachilendo, pawindo pali chikwangwani cha wokonza mafoni.

Miyezi itatu yokha, abale anga! Miyezi itatu ali chigonere, shopu ya zaka zisanu ndi zinayi inatha ngati makatani.

Sikuti anamubera ayi. Atelala ake awiri anali anthu okhulupirika. Koma miyeso ya makasitomala inali m'mutu mwa mayiyu. Kumene ankagula nsalu, m'mutu. Diresi ili n'la ndani, likufunika liti, m'mutu. Mutuwo utagona pabedi la chipatala, shopu nayo inagona. Makasitomala anatenga nsalu zawo mmodzimmodzi, atelala anakafuna ntchito kwina, mwininyumba analowetsamo wina.

Anakhala pansi pakhonde pomwepo n'kulira, osasamala za odutsa.

Patatha chaka anapeza ntchito pafakitale yaing'ono yosoka yunifolomu za ana asukulu. Antchito analipo khumi ndi anayi. Iye anamupatsa simbi ndi mabatani. Munthu amene dzana anali bwana, lero akusita makolala. Koma sanadandaule, ana ake ankadya.

Chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti matenda amene anapha shopu yake anawaonanso pano. Makiyi a chipinda cha nsalu ankakhala m'thumba mwa abwana okha. Jenereta ankadziwa kuiliza ndi dalaivala yekha. Ndipo wodula nsalu anali mmodzi, bambo wachikulire amene aliyense ankangowatchula kuti a Sizasi. Bambowa sankafuna pepala. Ankangoyang'ana nsalu, kulemba ndi choko, khwe khwe khwe, malaya atuluka. Zaka makumi awiri sanapitepo kutchuthi, ndipo ankanyadira zimenezo.

Mayi uja anayamba kufunsa mafunso. "Nanga magetsi atazima sabata yonse?" "Nanga dalaivala atadwala?" "Nanga makiyi atatayika?" Anafunsa mpaka anzake anatopa naye n'kumupatsa dzina loti Mayi Nanga.

Tsiku lina analimba mtima n'kulowa muofesi.

"Bwana, ndili ndi pempho. Lachisanu lililonse munthu mmodzi muno azimwalira."

Abwana anagwetsa cholembera. "Mwati chiyani, mayi?"

"Mongoyerekeza, bwana. Azikhala pampando pakona, osalankhula, osaloza. Enafe tizigwira ntchito yake, tione pamene tikakamire."

Nkhaniyi itafika kumakina, kunali moto. A Sizasi anamenya tebulo. "Mayi inu mukufuna kutilodza? Imfa saiitana ngati nkhuku!" Sabata yonse ena anasiya kumupatsa moni, ndipo mtsikana wina wosoka ankachita kumulambalala.

Ndikuuzeni zoona, pamenepa Mayi Nanga anaphonya. Maganizo anali abwino, koma pakamwa panamupachika. Chimene ndimamukondera n'chakuti sanakakamire. Lolemba lotsatira anaimirira pamaso pa onse.

"Anzanga, ndinalankhula udyo, mundikhululukire. Palibe azimwalira. Munthu azingopita kumudzi basi."

Anthu anaseka, mkwiyo unatha, abwana anavomera.

Woyamba kupita kumudzi anali dalaivala. Anzake anazimitsa dala magetsi, gulu lonse n'kuzungulira jenereta. Anakoka chingwe, anakoka, thukuta kamukamu, jenereta ili duu. Dalaivala pakona paja ankangodziluma milomo. Mapeto ake anaphulika: "Tsegulani mafuta, anthu inu!"

Onse anayankha pamodzi: "Kumudzi kulibe netiweki!"

Tsiku lomwelo analemba kalizidwe ka jenereta pakatoni n'kukhoma pakhoma.

Abwana nawo tsiku lawo linawakwanira. Anakhala pakona makiyi ali m'thumba, ndipo mpaka masana palibe anagwira nsalu. Anachita manyazi okha. M'mawa mwake anadulitsa makiyi ena, manambala a foni a masukulu onse n'kuwalemba m'buku loti aliyense azilipeza.

Koma a Sizasi, ee! Miyezi inayi akukana. Mayi Nanga sanakangane nawo. Tsiku lina pa nthawi yopuma anawatengera tiyi n'kukhala nawo pafupi.

"Bambo, chimene mukuopa n'chiyani?"

"Ndikaphunzitsa ena, ine muno ndidzakhala ndani?"

"Mudzakhala amene munatiphunzitsa. Ine sindinaphunzitse munthu, ndipo lero mushopu yanga akukonzeramo mafoni."

Sabata yotsatira a Sizasi anabwera ndi makatoni, n'kudula mapatani a saizi iliyonse. Anaitana Mayi Nanga ndi amayi ena awiri, n'kuyamba kuwaonetsa kagonekedwe ka nsalu. Lachisanu lawo loyamba pakona ankabisa nkhope m'manja, akubuula ngati akuwazula dzino, chifukwa mkono wina wa malaya unatuluka wautali kuposa unzake. Ulendo wachiwiri anangopukusa mutu. Pofika wachinayi, bambowa anagona tulo pampando pomwepo, mkonono ndithu.

Kenaka linafika tsiku lenileni. Kunatsala sabata imodzi kuti sukulu zitsegulidwe, ndipo masukulu atatu ankadikira yunifolomu zawo pofika Lachisanu. Fakitale inali isanalandirepo ntchito yaikulu chotere. Abwana anali atanena poyera kuti akalephera, masukuluwo sadzabweranso, ndipo theka la antchito lidzakhala pakhomo.

Lolemba m'mawa a Sizasi analowa foni ili m'manja, nkhope itagwa. Akazi awo, amene anapita kutali kukaona mwana wawo wamkazi, anali atakomoka ndipo anali m'chipatala. Bambowa anavalabe epuloni n'kutenga sizasi.

"Ndimalize kaye kudula," anatero. "Ndinyamuka Loweruka."

Makina onse anaima. Abwana anangoyang'ana pansi.

Mayi Nanga anaika simbi pambali, anapita patebulo paja, n'kuwalanda sizasi mwaulemu, ndi manja awiri.

"A Sizasi, lero mwapita kumudzi."

"Lero si Lachisanu, mayi."

"Tikudziwa, bambo. Nyamukani, basi ingakusiyeni."

Abwana anadzutsa mutu n'kuitana dalaivala. "Aperekezeni kudepoti msanga."

Amayi atatu aja anadula nsalu sabata yonse. Sindikunamizani kuti zonse zinayenda myaa, mathalauza angapo anachita kusokanso. Koma Lachisanu masana galimoto inanyamuka itadzaza, ndipo palibe amene anachotsedwa ntchito. Mayi Nanga anaima pachipata akuiyang'ana, mtima wake uli mbee, chimwemwe chimene anali asanachimvepo chichokere m'chipatala muja.

A Sizasi anabwera patatha masabata atatu, atanenepako pang'ono. Akazi awo anali atachira. Anthu anawazungulira kuti amve za ulendo.

"Mayi a kunyumba atatsegula maso anandipeza ndili pambali pa bedi," anatero. "Anandiyang'anitsitsa, kenaka anafunsa kuti, 'Kodi akuchotsani ntchito?' Zaka makumi awiri, anali asanandionepo masana pakati pa sabata."

Fakitale yonse inafa ndi phwete. A Sizasi eniakewo ankaseka nawo, uku akupukuta misozi ndi epuloni.

Lero Mayi Nanga ndi amene amayang'anira ntchito yonse pafakitalepo, ndipo eni makampani ena amabwera kudzafunsa nzeru kwa iye.

Ndiye inu amene mukuwerenga, mwina nanu munagwa, chimene munamanga zaka zambiri chinatha m'masiku ochepa. Musataye mtima, ndapota nanu. Dzenje limene munagweramo mukulidziwa kuposa wina aliyense, ndipo kutsogoloku kuli anthu amene adzalidumpha chifukwa cha inu. Ngati panopa muli chiimire, zinthu zikuyenda, musadikire kuti mavuto achite kugogoda. Mawa m'mawa itanani mnzanu mmodzi, mumuonetse kagwiridwe ka ntchito yanu.