Polishi wofiira pa matailosi oyera

Ndikakumbukira Che Saidi, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la sopo wa ufa m'madzi otentha, ndipo m'makutu ndimamva mswachi ukukwecha pansi, kwe kwe kwe. Anali aneba athu ku Senga Bay, nkhalamba yachisilamu yowonda, imene inakolopa zipinda za loji ina mpaka kumera imvi.

Bambo anga anali atamwalira, ndipo chotidyetsa ine ndi ang'ono anga awiri chinali ntchito ya mayi, yosamalira nyumba ya kunyanja ya banja lina la ku Lilongwe. Lachinayi lina mayi anagona ndi malungo, chikhalirecho eni nyumba amabwera Loweruka. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinatenga makiyi pa msomali osawauza, ndati ndikawagwirire ntchitoyo.

Kwathu pansi panali pa simenti, ndipo ulemu wa nyumba unali polishi wofiira: umapaka, n'kupukuta ndi chiguduli mpaka udzione nkhope. Choncho ndinanyamula chitini chathu, ndikuimba nyimbo ya kwaya, n'kupaka pabalaza ponse pa anthu aja, pa matailosi oyera ngati mbale. Nditapukuta, pa matailosi panachoka, koma m'mizere ya pakati pake polishi anakanirira, psuu! Ndinathamangira chikolopa, ndipo madzi ofiira aja anangolowa m'mizere inanso mpaka kukhitchini.

Che Saidi, akuchokera kogula usipa, anandipeza ndikulira pa khonde.

"Iwe Esitere, wamwalira ndani?"

Ndinangoloza m'nyumba. Anavula nkhwaira, nasuzumira, nagwira kofia yawo.

"Subhanallah! Mwaphera mbuzi muno?"

"Mayi awachotsa ntchito, agogo."

"Awachotsa ukangokhala pamenepo. Kasonkhe mbaula, uteleke madzi."

Anabwerako ndi miswachi iwiri yakutha, soda wophikira therere ndi timitengo ta nsungwi tosongola. Anagwada, maondo akulira ngati chitseko chakale, nandionetsa: kupala polishi ndi kansungwi, kuthira madzi otentha a sopo, kumata phala la soda mumzere, kudikira pang'ono, kenaka kukwecha ndi kupukuta ndi nsalu youma. Mzere umodzi, wina pambuyo. Utsi wa mbaula unkalowa pa zenera, thukuta likudontha pa ndevu zawo, zala zathu zitachita makwinya.

"Tailosi ndi mbale, sasunga litsiro," anatero. "Chosunga litsiro ndi mzere. Mlendo akalowa m'chipinda, diso lake limathamangira pamenepo."

Nditati ndiviikenso nsalu m'chidebe chomwecho, anandimenya kadzanja. "Madzi akuda sakolopa, amangosamutsa litsiro. Taya, tunga ena. Ukamaliza uumitse, usasiye chinyontho. Ndipo pakhomo pazikhala beseni, anthu ochokera kumchenga azitsuka mapazi."

Lachisanu anabweranso m'mawa. Masana anasamba, napita ku mzikiti, ndipo ine ndinati basi, sabweranso. Koma anatulukira atanyamula chinangwa chootcha, napinda mkanjo wawo, nagwadanso. Dzuwa likupendeka pabalaza ponse panali mbee, kupatula mizere itatu ya pakhomo la kukhitchini imene inakana, inatsala yofiirira.

"Tiyalepo mkeka," ndinanong'ona.

"Mkeka umasuntha, mwanangu. Kawauze mayi ako, iwo akawauze eni ake."

Ndinawauza madzulo omwewo. Mayi sanandikalipire, anangotseka maso, nati tipemphere. Loweruka anadzikoka ndi malungo awo, ndipo adona a nyumbayo atangotsika m'galimoto, mayi anawatengera pa mizere ija n'kufotokoza zonse, ine nditabisala kumbuyo kwa chitenje chawo. Adona anayang'ana pofiira paja, nayang'ananso balaza lonse.

"Chiikireni matailosiwa mizere sinayerepo chonchi," anatero. "Koma mwanayu makiyi asadzawagwirenso, mwamva?"

Mayi anakhalabe pa ntchitoyo mpaka ine kumaliza sekondale. Che Saidi anamwalira ndili kusukulu yogonera komweko, ndipo sindikumbuka ngati ndinawathokozapo mokwanira. Mwana amalandira chisomo ngati mmene amalandirira mvula.

Lero Loweruka lililonse ndimakolopa nawo tchalitchi chathu ndi amayi anzanga, ndipo amandiseka kuti ndimatha madzi a pa mjigo. Ndimaseka nawo. Koma abusa akamafunsa pa gome kuti mnansi wako ndani, ine sindifunafuna yankho kutali. Ambuye anaona mkazi wamasiye ndi ana ake atatu, natuma munthu amene sanalowepo m'tchalitchi chathu kuti adzagwade masiku awiri pa cholakwa chimene sichinali chake. Ndikamawerenga zokoma zimene Mulungu wandichitira, dzina la Che Saidi sindilidumpha.