Dzanja la Anti Nabanda Pachibwano

Majekete onyowa akayamba kuuma pa hita yotenthetsera m'nyumba, fungo lake limandibwezera ku Tyrrelstown, kudziko la azungu, m'khitchini ya anti a Nabanda, nesi amene ankakhala khomo loyandikana ndi lathu. Lamulungu lililonse tikatuluka ku Misa, nyumba yawo inkadzaza ana a ku koleji, Amalawi, a ku Zambia, ena a ku Nigeria, onse oyamba m'mabanja mwawo kuponda ku yunivesite, akulimbirana zitumbuwa uku ketulo ikulira osaleka. Ine ndinali kamtsikana kongofika kumene kuchokera ku Dedza, ndipo ndinkatsatira zitumbuwazo basi.

Anti ndinkawaopa. Amayi anandiphunzitsa kuti wamkulu akamalankhula uziyang'ana pansi, koma iwo ndikawapatsa moni ankandigwira chibwano n'kundidzutsa nkhope, amvekere kodi pansipo ndatayapo chiyani. Amayi zinkawanyansa. Ankati mnzawoyo akuwaphunzitsira mwana mwano.

Ndinadzamvetsa nditalowa koleji ya unamwino. Chaka choyamba, ku pulakitiko m'chipatala, mayi wachizungu amene ankandiyang'anira ananena kuti sindimvetsera, mwinanso ndimabisa zinthu, chifukwa akamandikonza ndinkangoyang'ana nsapato zanga. Anati zikapitirira ndilephera. Chonsecho ine ndinkawapatsa ulemu wonse umene ndinali nawo. Ndinalira m'basi njira yonse, ndipo nditafika ndinauza anti kuti sukulu ndasiya.

Sanandinyengerere ayi. Anandikhazika pampando n'kuyamba kundikalipira dala m'Chingerezi, za bedi losayalidwa bwino, za mankhwala, zilizonse, ati ine ndiziwayang'ana m'maso. Ndikangozyolika ankamenya supuni patebulo, tiyambirenso. Maso ankandiwawa ngati ndikudula anyezi. Amayi atalowa n'kutipeza tili pakati, anafunsa mokwiya ngati ulemu wakwathu unatha.

"Sunathe, achemwali," anti anayankha. "Koma kuno akauona amati mwana ndi wabodza. Ine ndinakhala zaka osakwezedwa pantchito chifukwa cha maso omwewa. Uyu ayi."

Amayi anakoka mpando, nati tsopano wondikalipira akhale iwowo. Kuyang'ana amayi anga m'maso kunandivuta kuposa mayeso onse amene ndinalembapo, ndipo tonse awiri tinagwetsa misozi.

Pulakitikoyo ndinakhoza. Tsiku lolandira digiri ndinagwada pamaso pa anti ndi gauni yanga yomwe, maso pansi, kudikira dzanja lija pachibwano. Silinabwere. Analiika pamutu panga.

Anti anabwerera kumudzi atapuma pantchito, ndipo ndimawasowa kwambiri. Lero ophunzira a chaka choyamba amadzera m'manja mwanga m'wodi. Wina akayang'ana pansi ndikumukonza, sindithamangira kumulembera zoipa. Ndimayamba ndamufunsa kuti anamulera ndani.