Dontho la Mkaka Mumphika wa Nyama

Ndinagwira ntchito ya ukhukhi ku Area 10, pa banja lina la Ayuda. Lamulo lawo ndinaligwira msanga: nyama ndi mkaka sizikumana, ngakhale pa supuni. Miphika inali ya mbali ziwiri, ndipo sindinaisakanizepo.

Nyama yawo inkachokera kunja, yophedwa mwa chipembedzo chawo, ndipo inkabwera mwa apo ndi apo. Lachisanu lina ndikuphika yotsala yokhayo kuti adye pa Sabata, kamtsikana kawo kanadutsa ndi kapu ya mkaka, nkupunthwa. Dontho linagwera mumphika. Mwanayo anayamba kulira.

Ine ndinaphula mphikawo kuti ndikataye. Lamulo ndi lamulo.

"Dikirani kaye, madala," anatero bambo a mwanayo. Anaitana ana onse kuti asuzumire mumphikamo, kenako anawaphunzitsa: "Zikachitika mwangozi, chakudya nkuposa dontholo kamakumi asanu ndi limodzi, mkakawo wathera momwemo. Tidya."

Mlongo wake wa mtsikanayo anafunsa: "Ndiye mawa ndithiremo kadontho?"

"Ukathira dala, udya mpunga wouma," anayankha bamboyo, ana onse nkuseka.

Ndinabweza mphika pamoto ndili kukamwa yasa. Malamulo oletsa ndinkawadziwa kuyambira ubwana, koma apa ndinaona lina, limene anthu akalekale anakonzeratu poganizira mwana wopunthwa, iye asanabadwe nkomwe. Anayeza ngakhale dontho!

Madzulo ake kamtsikana kaja kanadya nyamayo, nkupempha ina.