Anadula Miyendo ya Tebulo Kuti Apulumutse Phazi

Amene anawononga phazi la Mayi Nsimbi ndi anthu awiri, ndipo onsewo akuyenda bwinobwino mpaka lero. Woyamba ndi kapitawo wa pakampani yochapa zovala, amene anamuimiritsa maola asanu ndi awiri pa fupa lothyoka. Wachiwiri ndi mlamu wake weniweni, mkulu wake wa malemu mwamuna wake, amene anagwira phazi lothyokalo n'kulikoka ngati akuzula chitsa. Inu ofuna nkhani yolimbitsa mtima, mverani, koma zotsekemera muno mulibe.

Patatha miyezi isanu chigwereni, mayiyu ankapita kuchimbudzi chokwawa. Chimbudzicho chinali chapagulu, kuseri kwa mdadada wa nyumba za lendi. Ankadikira kuti anthu onse apite kuntchito, ana ake awiri apite kusukulu, kenako n'kuvala masilipasi m'manja kuti asagwire zonyansa za pansi. Kakolo wa kumanja anali atatupa n'kuda bii, phazi litaloza kumbali ngati lili ndi ulendo wakewake. Ntchito inali itatha. Mwamuna anali kumanda.

Dzina loti Nsimbi anam'patsa anzake akuntchito. Anasita zaka khumi ndi chimodzi: nsalu zofunda, nsalu za pamatebulo, mayunifolomu a m'mahotela. Kolala yodutsa m'manja mwake inkaima yokha. M'chipinda chositiramo munalibe mpando olo umodzi, chifukwa kapitawo anaichotsa yonse, akuti munthu wokhala pansi amasita ndi tulo. Pakati pa chipindacho panadutsa ngalande ya madzi akuda, ndipo chivundikiro chake chinasweka. Anthu anadandaula katatu. Kapitawo anangoyalapo katoni.

Tsiku la ngoziyo ananyamula basiketi ya nsalu zonyowa, pansi osapaona. Katoni ija inali itafewa ndi madzi. Phazi linalowa m'ngalande, thupi n'kupitirira, ndipo aliyense m'chipindamo anamva kuti thyo.

"Dzuka iwe," anatero kapitawo. "Ukanathyoka bwenzi ukulankhula? Wangobinya. Galimoto ya nsaluzi ikubwera faifi koloko."

"Bwana, phazi silikugwira pansi."

"Uli nawo awiri. Imira linalo. Ukatuluka pageti usanamalize, usadzalowenso."

Anaima. Anasita misozi ikugwera pansalu, nsimbi n'kumaiumitsa. Pofika madzulo nsapato inakana kutuluka, anachita kuidula ndi sizasi.

Kunyumba anapeza mlamu wake atamva kale. Bamboyu ankadzitama kuti kale ankathowa osewera a timu ya mpira, ndipo aliyense wobinya ankapita kwa iye.

"Chipatala cha chiyani, alamu?" anatero akupinda manja a malaya. "Akangokuikani chikhakha, ntchito yanu yathera pomwepo. Mapazi ngati awa ine ndawongola osawerengeka. Ikani madzi pamoto."

Anathowa ndi nsanza ya madzi otentha, n'kupaka mafuta oyaka aja a osewera mpira. Kenako anagwira chidendene, anakoka, n'kupotoza. Mayi Nsimbi anakomoka. Potsitsimuka anapeza mlamu akumwetulira.

"Mwamva kulira kwa fupa kuja? Ndiye kuti labwerera m'malo mwake."

Anachita zomwezo m'mawa uliwonse kwa sabata yathunthu. Mayiyu ankamanga bandeji n'kupita kuntchito akukoka mwendo. Anapirira masabata atatu, mpaka kapitawo anamuitana n'kumuuza kuti, "Wayamba kuchedwetsa anzako. Kuno si kuchipatala." Basi, zaka khumi ndi chimodzi zinathera pa mawu amenewo.

Mufunsa kuti bwanji sanapite kwa madokotala ntchito itatha? Mantha. Mlamu anali atamuopseza kuti phazi likada chonchi kuchipatala amangodula. Ndiye anakhala m'nyumba, phazi likunka lipotoka, mpaka kuliponda kunali ngati kuponda misomali.

Amene anamupeza akukwawa tsiku lina ndi mayi wa khomo loyandikana, wogulitsa makala, amene anabwerera kudzatenga chimene anaiwala. Anayang'ana masilipasi a m'manja aja, n'kupita kukatenga wilibala yake.

"Kwerani."

"Anthu ationa, anzanga."

"Ationa inde. Matumba amene ndimakankha ndi olemera kuposa inu, ndipo sachita manyazi. Kwerani, ndisanakunyamuleni ngati thumba."

Anamukankha mpaka pasiteji ya minibasi, chitenje chitada ndi fumbi la makala.

Pabenchi ya kuchipatala cha mafupa, Mayi Nsimbi anaona kuti mapazi amazunza anthu ambiri. Mtsikana wina anali ndi chikhadabo cholowa m'mnofu, chimene anachikumba ndi lezala mpaka chala chinachita mafinya. Bambo wina wonenepa ankadandaula chidendene chimene chimamubaya akangoponda pansi m'mawa, ndipo anangomuphunzitsa kuwongola minofu ya mwendo n'kumuuza asinthe nsapato. Kumapeto kwa benchi kunali gogo wodwala shuga, ali ndi bala kunsi kwa phazi limene sankalimva n'komwe kuwawa. Ntchentche ndi zimene zinkalidziwa.

Atamujambula Mayi Nsimbi, dokotala anakweza chithunzi cha mafupa pawindo. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Anakukokani ndani, mayi?"

"Alamu anga."

"Auzeni asiye. Phazi likabinya safuna madzi otentha. Amalipumitsa, kuika chozizira, kumanga bandeji, n'kulikweza m'mwamba. Ndipo munthu akalephera kuliponda, amabwera kudzajambulitsa, chifukwa kubinya ndi kuthyoka ndi maso simungasiyanitse. Mukanabwera tsiku lomwelo, mwina chikhakha chokha chikanakwana. Pano fupa lagwirana mopotoka, mfundo yadyeka."

"Mudula?"

"Ayi. Tiliwongola kufiyeta, kuchipinda cha opaleshoni, n'kumanga mfundoyo ndi zitsulo. Kakolo ameneyu sadzapindikanso moyo wanu wonse, koma mudzaponda pansi. Lamulo ndi limodzi: masabata sikisi oyamba, phazi ili lisagunde pansi olo kamodzi. Mukaponda, mafupa sagwirana, zitsulo zimasuka. Bala likalowa mafinya, pamenepo ndiye tidzayamba kukambirana zodula."

Anamuchita opaleshoni. Anabwerera kunyumba ndi chikhakha chofika m'bondo, ndodo ziwiri za m'khwapa, ndi njala imene inkamudikira pakhomo.

Ntchito imene ankaidziwa inali imodzi, ndipo imeneyo amagwira choimirira. Anayesa kusita atakhala pampando, koma tebulo linali lalitali, chigongono chinkakwera m'mwamba, nsimbi n'kumangoseweretsa nsalu osaipsinja. Anayesa kuyala bulangete pansi, msana unakana. Tsiku lachitatu anadzipeza atagwira m'mphepete mwa tebulo, akudzikweza, phazi la chikhakha litatsala pang'ono kugunda simenti. Anadziponya pampando.

Masana omwewo mlamu anafika, maso ali pansi, chipewa chili m'manja.

"Alamu, ine sindinkadziwa. Ngati pali choti ndithandize..."

"Chilipo. Pitani mukabwereke sowo."

Atabwera nayo, mayiyu analoza tebulo.

"Tebulo la mng'ono wanga limeneli?" anatero mlamu. "Chinthu chokhacho chimene anakusiyirani?"

"Za miyendo mumazidziwa bwino inuyo, alamu. Dulani. Koma ulendo uno muyambe mwayeza."

Bamboyo anadula, thukuta lili kamukamu. Tebulo linatsika mpaka kungodutsa pang'ono maondo a munthu wokhala. Mayi wamakala anamubweretsera nsimbi yamakala, yolemera ngati mwala, yoti imapsinja yokha. Mayi Nsimbi anakhala pampando pakhonde, phazi atalisanjika pa ndowa yovundikira, pamwamba pali pilo. Anayamba kusita.

Musaganize kuti zinayenda. Munthu wokhala pansi sathawa khala. Makala ankathetheka n'kugwera pantchafu, mpaka chitenje chinadzaza mabowo, ntchafu zipsera. Sabata yachiwiri mphepo inauluza khala lamoto n'kuligwetsera pa malaya oyera a mphunzitsi wina, amene mayiyu anali atawapachika pachingwe pafupi. Anaona bowo likukula ndi maso ake. Kukanakhala kudumpha kamodzi kokha. Sanadumphe.

Mphunzitsiyo anakuwa mdadada wonse ukumva. "Ndinalakwa ndine, kupereka malaya kwa munthu wolumala!" Anthu amene anali atayamba kubweretsa zovala anasiya.

Kwa masiku asanu panalibe chosita. Ndiye ankasita mayunifolomu a ana ake, kuwawaza madzi, kuwakwinya dala, n'kuwasitanso, kufunafuna mmene dzanja lingayendere popanda thupi kulithandiza. Anasintha mbali yokolezera makala kuti mphepo izipita nawo kutali. Anawo ankapita kusukulu m'mimba muli tiyi wopanda shuga, koma mizere ya pa yunifolomu ili yakuthwa ngati mpeni. Azimayi anayamba kufunsa kuti amawasitira ndani. Zovala zinayamba kubwerera, ziwiri, zitatu, zosakwana n'komwe kudyetsa nyumba.

Sabata yachinayi, galimoto ya kampani inaima kutsogolo kwa mdadada. Anatsika kapitawo. Anayang'ana tebulo lalifupi lija n'kuseka.

"Ukusewera zawana, Nsimbi? Tamvera. Hotela ina ikubweza mayunifolomu, akuti makolala akupindika. Amene tinamulemba m'malo mwako ndi mbuzi. Ubwere mawa, malo ako alipo."

Mayiyu anayang'ana phazi lake. M'nyumba munalibe chophika tsiku limenelo. Mwana wamng'ono anali atafunsa m'mawa ngati madzulo adye. Ntchito ya pamwezi inali itabwera yokha mpaka pakhonde, ndipo phazi linali litasiya kuwawa moti mtima unkamunong'oneza kuti mwina lapola kale. Masabata awiri okha otsala, angasinthe chiyani?

"Mpando ulipo, bwana?"

"Malamulo ukuwadziwa. Ndikakupatsa iwe, onse afuna."

"Nanga ngalande ija munaitseka?"

"Ukufuna ntchito kapena ukufuna kundifunsa mafunso?"

Mayi Nsimbi anakupiza makala, phulusa n'kuulukira pa thalauza la kapitawo.

"Phazi loyamba ndinakupatsani laulere. Ili latsalali ndi la ana anga. Sunthani, mukunditchingira mphepo."

Galimoto itapita, analira. Analira kwambiri, chifukwa sankadziwa ngati wachita zanzeru kapena wapha ana ake ndi njala. Madzulo amenewo anadya zimene mayi wamakala anagawa m'mbale yake.

Masabata sikisi atakwana anamujambulanso. Dokotala anakweza chithunzi pawindo n'kugwedeza mutu.

"Mafupa akugwirana. Simunaponde, eti? Ambiri amanama, koma chithunzi chimawaulula."

Anamulola kuyamba kugunditsa phazi pang'onopang'ono, ndodo zili m'khwapa. Panadutsa masabata ena sikisi asanachotse chikhakha. Mwendo unatuluka wowonda ngati mtengo wa tsache, khungu likusenda, fungo lake losaneneka. Anamutumiza kumafizo kukaphunzira kuyendanso, kwa mayi wina wa mawu aukali amene odwala ankamutchula kuti Sajeni.

"Gwirani zitsulozi. Pondani. Ndati pondani, mayi, simenti siluma!"

"Ndikuopa."

"Mwaopa miyezi itatu, ndipo munachita bwino. Pano kuopa kwatha ntchito. Tiyeni!"

Anaponda. Ululu unakwera mpaka m'chiuno, koma phazi linagwira. Anaponda kachiwiri. Kachisanu Sajeni anamuchotsa dzanja limodzi pachitsulo, kachisanu ndi chitatu n'kuchotsa linalo. Mayi Nsimbi anafika kukhoma yekha, n'kutsamiritsa mphumi pamenepo, mapewa akunjenjemera.

"Kulira mukalirira kwanu," anatero Sajeni. "Tembenukani mubwerere."

Anabwerera.

Ndisakunamizeni. Mayiyu amatsimphina, ndipo adzatsimphina mpaka kumanda. Kukazizira zitsulo za m'kakolo zija zimamukumbutsa kuti zilipo. Wosoka nsapato anam'pangira soli yokhota ngati pansi pa bwato kuti phazi lizigudubuzika m'malo mopindika, ndipo nsapatoyo ndi yonyansa. Kapitawo palibe anamufunsa kanthu. Koma m'mawa uliwonse mayiyu amasenza mtolo wa zovala zositasita, kukapereka khomo ndi khomo ndi mapazi ake awiri, ndipo ana ake amadya katatu.

Ine mwamuna wanga ndinamuika m'manda ali ndi mwendo umodzi, chifukwa bala la shuga tinalithowa kunyumba miyezi iwiri, tikumvera anthu odziwa zonse. N'chifukwa chake sindinyengerera munthu.

Mtima musautaye, ngakhale mutakhala kuti mukukwawa. Koma kulimba mtima si kuima pa fupa lothyoka kuti bwana akuyamikeni. Tavulani nsapatoyo muyang'ane phazi lanu. Latupa masiku angati? Bala limenelo mukulibisira ndani? Mupita liti kukalionetsa, mawa, kapena mukudikira kuti adzakunyamuleni? Musandiyang'ane chabe. Ndiyankheni.