Nkhope Zathu pa Khoma la Tchalitchi

Fungo la fumbi lotentha limandibwezera ku Sheffield, m'chisanu cha chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Linkatuluka kumbuyo kwa makina oonetsera kanema, pamene kafani kankauzira mpweya wofunda, ndipo ine ndinkaothapo manja ngati pa mbaula.

Tinkakhala awiri, ine ndi amayi, m'chipinda cham'mwamba cha nyumba ya njerwa zofiira, mumsewu wotsetsereka moti mvula ikagwa madzi ankathamanga ngati kamtsinje. Kapeti inkanunkha chinyontho, mawindo ankachita thukuta m'mawa uliwonse. Tinali opempha chitetezo m'dziko la Angerezilo. Amayi anathawa nane ku Lilongwe chifukwa cha bambo anga, amene anawathyola dzanja n'kuwalonjeza kuti tsiku lina adzawamaliza. Kusukulu zimenezi sindinkazitchula. Anzanga ndinkawauza kuti amayi ndi nesi, monga analili amayi a ana ena a ku Malawi.

Chisanu chitangoyamba, boma linakana pempho lathu. Kuyambira pamenepo chikwama chathu chinkakhala chopakiratu kuseri kwa chitseko. Galimoto ikaima panja, amayi ankasiya chilichonse chimene akuchita n'kutchera khutu, mpeni uli m'manja, anyezi ali theka.

Kutchalitchi kwathu kunali a Phiri, bambo wamfupi wa mawu aakulu, amene akazi awo anali nesi weniweni. A Phiriwo ankagwira ntchito pa fakitale yopanga mapulojekita, makina aja oponya chithunzi pa chinsalu chachikulu. Nthawi imeneyo nyumba za kanema zinali zitayamba kusiya mafilimu okulunga n'kumagula makina atsopano oyendera kompyuta, ndipo a Phiri ankakamba za ntchito yawo ngati kuti kuwala anakutulukira ndi iwo. Loweruka lina, pa tsiku la mabanja a antchito, ananditengera kumeneko pamodzi ndi ana awo. Anativeka timatumba tabuluu kunsapato, natilowetsa m'chipinda chamdima choyeseramo makina. Mwadzidzidzi pakhoma panatulukira mbalame yofiira, yaikulu kuposa basi, nthenga iliyonse ikuoneka payokha. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kuponda phazi la munthu.

Anthu a kutchalitchi anayesa kusonkhetsa masiginecha opempha kuti tisachotsedwe, koma odutsa mumsewu ankangowapatuka, makolala a majekete atakwezedwa. Lamulungu lina titaweruka, tikumwa tiyi muholo, a Phiri anamenya tebulo.

"Anthu sasainira dzina lapapepala," anatero. "Amasainira nkhope. Khoma la tchalitchi lino layang'ana poimira tramu, sitima ya mumsewu ija. Ine ndibwereka makina kuntchito, tiike chithunzi pamenepo mzinda wonse uone."

A Nachisale, mayi wamkulu wa chigwirizano, anaika kapu pansi. "Mukufuna Sheffield yense adziwe kuti Amalawi tikupemphetsa malo? Zoterezi amapempherera mwakachetechete."

Amayi anga sankalankhula pagulu, koma tsiku limenelo anapinda malaya n'kuonetsa dzanja lawo lija, lopindika pamene linalumikizana molakwika. "Amayi, ine ndinakhala chete nthawi yaitali ku Lilongwe. Mphoto yake ndi iyi. Ikani chithunzicho, a Phiri. Koma changa chokha, mwanayu ayi."

Mawu ananditulukira ndisanawaganize. "Nanga ine sakundichotsa?"

"Tadala, anzako akusukulu amakwera tramu imene ija."

"I know, Mum. Aone."

Mawu angawo sindinawabweze. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandikonza kolala.

Abwana a a Phiri anayamba akana. A Phiri anangokakamira, m'mawa uliwonse kukaima pakhomo la ofesi, mpaka abwanawo anatopa. Anawabwereka makina akale amene ankaonetsera makasitomala, pa pangano lakuti dzina la kampani lisaoneke pena paliponse. A Phiri anamata tepi yakuda padzinalo akuimba nyimbo ya kwaya. Abambo anayi anathandizana kukweza makinawo m'chipinda cham'mwamba cha holo, n'kuwalozetsa pawindo loyang'ana khoma la tchalitchi.

M'mwezi wa Disembala kumeneko mdima umagwa ana akungoweruka kumene. Madzulo oyamba tinaima pansi pa khomalo, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, zala zakuphazi zitafa ndi kuzizira. Kuwala kunadula mvula yowaza imene inkagwa, madontho n'kumanyezimira m'kati mwake, ndipo ndinadziona pakhomapo. Ndinali nditavala juzi yasukulu, mpata wa dzino logweluka uli waukulu ngati chitseko, amayi atandigwira paphewa. Pansi pake analembapo m'Chingerezi kuti tisiyidwe tikhale. Tramu inafika ikuliza belu lake, ndipo mitu yonse ya m'mawindo inatembenukira kwa ife. Ndinafuna kuthawa. M'malo mwake ndinaima pakati penipeni, pamene aliyense akanaona kuti wapakhomayo ndi wapansiyu ndi mmodzi.

Si onse anakondwera. Madzulo ena anyamata anatikuwiza kuti tibwerere kwathu, mmodzi n'kugenda dzira. Linasweka pa tsaya langa la pakhoma n'kuyenderera pa njerwa. Koma chithunzicho sichinade, chinangokhala pamwamba pa dziralo chikumwetulirabe. A Phiri anasuzumira pawindo n'kuseka mokweza. "Gendani, ana inu! Kuwala sikuchapidwa!"

Kusukulu nkhani inandiyambirira kufika. Mnyamata wina dzina lake Kieran ananditsekera njira pamalo popachika majekete, n'kunena kuti ndine wabodza, amayi anga si nesi, ndipo boma lindikweza ndege. Ana onse anazungulira. Ndinamuyankha kuti inde si nesi, saloledwa kugwira ntchito, ndipo ngati akufuna kundiona bwino abwere madzulo, andipeza ndili wamtali kuposa nyumba yakwawo. Ena anaseka, ndipo sankaseka ine. Sabata yomweyo aphunzitsi athu anatsika tramu pamalo paja ndi makolo angapo. Anthu anayamba kuima, kuvula magolovesi, kupempha cholembera. Ngakhale a Nachisale anabwera ndi fulasiki ya tiyi, nkhope ili gwa, osanena kanthu za kupemphetsa.

Khrisimasi itapita makina anabwerera kufakitale, khoma linakhalanso njerwa chabe. Aboma sanabwere kudzatitenga. Loya wina anatenga mlandu wathu n'kuutsegulanso, ndipo mapepala otilola kukhala anadzatuluka ndili kale kusekondale.

Kwa nthawi yaitali ndinkakhulupirira kuti makina a a Phiri ndi amene anatipulumutsa, ndiponso kuti wolimba mtima kwambiri m'nkhaniyi ndinali ine, chifukwa ndi ine ndinakumana ndi ana a m'kalasi. Ndinali wamkulu kale pamene amayi anandiuza, tikusenda mbatata, kuti chithunzi chija chinatuluka m'nyuzipepala ya mumzinda, wina n'kuchitumiza ku Lilongwe, ndipo bambo anga anadziwa kumene tinali. Amayi anadziwiratu kuti zidzatero kuyambira tsiku lija muholo. Ine ndinkaopa kusekedwa. Iwo ankayang'ana munthu aliyense wotsika tramu, kuopa nkhope imodzi yokha, komabe madzulo aliwonse ankamanga mpango wawo wapatchalitchi n'kukaima pansi pa khomalo.